Mabere ndi a Mbumba

Ndinataya mkazi. Ndinataya nyumba ya njerwa zootcha imene ndinamanga kwawo ku Kadewere, munda wa nandolo, ndi mwana wamkazi, amene ali moyo koma akukulira kwa mayi ake aang'ono. Mkamwini akasudzulidwa amachoka ndi chikwama chake basi.

Mkazi wanga anali ndi mabere aakulu kwambiri kuyambira ali mtsikana. Anthu ankaseka, iyenso ankaseka nawo. Ine ndinkaona mizere imene zingwe za kamisolo zinakumba pamapewa pake, ndi zilonda za kunsi kwa mabere kukatentha. Akabwera kogulitsa tomato ku Namadzi ankagona chagada pasimenti mpaka msana ukhale pansi.

Tisanakwatirane anamuchotsa chotupa m'bere lakumanzere kuchipatala cha Nguludi. Sichinali khansa. Panatsala chipsera, bere lija linafota mbali imodzi, moti ankayenda chopendekera pang'ono.

Titakwatirana tinakaonana ndi dokotala wina mumzinda. Anati kuchepetsa mabere n'kotheka ngakhale pali chipsera. Amayamba ndi kujambula kuti aone ngati chotupa sichinabwerere, kenako amasankha podula molingana ndi chipsera chakalecho, kuti magazi azifikabe kunsonga ya bere. Koma anatichenjeza kuti mwina sadzayamwitsa bwino, makamaka kumanzereko. Tikanatha kuchita nthawi yomweyo, kapena kudikira kuti abereke kaye.

Mu minibasi mkazi wanga anandigunda ndi chigongono. "Aphunzitsi, Chingerezi chonse chija mwachimvatu. Mukuti bwanji?"

"Thupi ndi lanu," ndinatero.

"Eya. Mukanene zimenezo kwathu, muone."

Kwawo nkhani ya mpeni satha mwamuna ndi mkazi okha. Amatha ndi atsibweni, mwinimbumba. Anabwera panjinga, nakhala pakhonde la nyumba yanga yomwe, ine n'kufotokoza zonse monga tinazimvera.

"Akamwini," anatero, "munabwera kudzamanga banja, kapena kudzadula ana athu?"

Apongozi anga, amene sankayankhula nane maso ndi maso, anayankhira kuseri kwa nkhokwe, ngati akuuza mwana wawo. "Mabere ndi a mbumba. Nanga mwana adzayamwa chiyani, satifiketi ya amuna akowo?"

Onse anaseka. Sanali anthu ankhanza. Anaikapo makanda m'manda, ndipo ankadziwa zimene zimachitika mwana akasowa bere. Ndinafotokozanso za msana wake. Amene anatseka nkhani ndi mkazi wanga.

"Ndidikira," anatero. "Koma mwana mmodzi yekha."

Ali ndi pakati mabere anakulanso. Anasiya kupita ku Namadzi. Ankapuma chokhala, atatsamira thumba la chimanga, ine n'kumamupaka mafuta pamapewa. Sanadandaule kuti analakwa kusankha, ndipo ine sindinamufunse.

Mwana anabadwa bwinobwino. Bere lakumanja linkatulutsa mkaka wambiri, lakumanzere pang'ono chabe. Patapita masiku ochepa mutu unayamba kumuwawa mkazi wanga, nkhope inatupa. Pambuyo pake madokotala anandiuza kuti anali magazi othamanga kwambiri, amene amagwira amayi ena akangobereka.

Sindinena kuti opaleshoni ija ikanamupulumutsa. Sizikugwirizana, ndikudziwa. Chimene chimandibwerera ndikaima kutsogolo kwa kalasi n'chakuti mkazi wanga sanaonepo tsiku limodzi loyenda msana uli wopepuka. Anadikira chifukwa cha kuyamwitsa, ndipo mwanayo wakula ndi mkaka wa m'chitini, umene atsibweni omwewo amakagula panjinga yawo.

M'mawa umene tinkapita kuchipatala, tikudikira galimoto pamsewu, anayamwitsa mwana komaliza. Anamupereka kwa mng'ono wake, namanga chitenje pachifuwa. Anakomoka tisanafike, ndipo sanadzukenso. Koma pamsewu paja anali akadali iyeyo. Anawongola mapewa, nandiyang'ana ndi diso lake lachipongwe lija.

"Aphunzitsi, uyu akangoleka kuyamwa, tikupita kwa adokotala aja. Ulendo uno atsibweni sitiwafunsa."