Tsiku Limene Agogo Anandikhulupirira

Ndikakumbukira agogo anga a ku Kaduya, mphuno imayamba kundiyabwa ndi fodya wawo wofwenkha, wosakanikirana ndi fumbi la makoko a nandolo amene ankamenya ndi kandodo pabwalo, uku akung'ung'udza nyimbo za Chilomwe. Kuwerenga sankadziwa, ndiye makalata ndinkawawerengera ndine, ndipo ndinkathiramo zanga. Tsiku lina ndinawawerengera kuti mbuzi yawo yaitanidwa kukhoti. Anaikoka mpaka pamsewu. Mpaka lero ndimaseka.

Ndili sitandade 8, agogo anapezeka ndi chotupa m'bere. Kuchipatala anachichotsa, n'kutumiza kanyamako ku Blantyre kuti akakaunike ndi makina oonera tinthu tating'ono, aone ngati matendawo anathera pomwe anadulapo kapena anatsalira. Tinadikira mpaka nandolo anauma.

Pepala litabwera ndi mlangizi wa zaumoyo, agogo anali kumunda, ndiye linafikira m'manja mwanga. Pansi pa Chingerezi chovutacho dokotala analemba mwachidule kuti khansa inapezeka mpaka m'mphepete mwa kanyamako, kutanthauza kuti ina inatsala ndipo ikhoza kufalikira m'khwapa. Abwerere msanga.

Nditawauza, anaseka mpaka kutsokomola.

"Bala langa linapola kalekale, mtsikana iwe. Nanga mbuzi ija mlandu inawina?"

Masiku atatu ndinalumbira, ndinalira, iwo akungomenya nandolo wawo. Tsiku lachinayi ndinakhala pafupi nawo n'kuulula chinsinsi chimene ndinasunga zaka ziwiri: amene anathira tsabola m'kabotolo kawo ka fodya, msuweni wanga Dalitso n'kukwapulidwa nazo, ndinali ine. Ndinawapatsa kandodo kaja kuti andikwapule, bola mawa tikwere minibasi pa Migowi kubwerera kuchipatala.

Anaika kandodo pansi.

"Munthu sadzigulira chikwapu chifukwa cha bodza," anatero. "Kanditengere chitenje chatchalitchi uchape."

Anawachotsa bere lonse pamodzi ndi timinofu ta m'khwapa, ndipo anakololanso nandolo katatu asanatisiye. Pomanga chitenje pachifuwa ankati mbali imodzi yapepukidwa.

Dalitso sanandikhululukirebe, ine sindinapepese, chifukwa tsabola ujayo ndi amene anawakweza agogo minibasi. Kabotolo kaja kamakhala m'thumba la yunifomu yanga ya kuntchito. Ndikakatsegula misozi imatsika, anzanga akafunsa ndimati ndi tsabola.