Simbi ya Amayi ya Lachinayi

Simbi ya makala imene ndikuitchula poyamba inali ndi katambala kachitsulo pachotsekera pake, ndipo ndikuisunga kufikira lero. M'nyengo yachisanu ya chaka chimene ndinali mu Sitandade 4, tikukhala ku Chibanja, amayi ankasitira simbiyo bulauzi yawo yoyera ya gulu la amayi a mpingo Lachinayi lililonse. Fungo la nsalu yotentha linkadzaza nyumba, kunja kuli nkhungu. Akavala n'kumanga duku, ankafika pakhomo, thukuta n'kutuluka ngakhale kunkazizira. Kenako ankabwerera kukagona atayang'ana kukhoma, mwina masiku awiri, osadya.

Ndiyenera kufotokoza pano kuti anthu ovutika mumtima ndinali nditawaonapo kale. Amalume anali ndi nkhawa: ankabwerera katatu kukagwedeza loko wa pachitseko, koma kuntchito ankafika. Aphunzitsi athu, atamwalira akazi awo, anakhumudwa kwa miyezi yambiri. Ankalemba pabolodi pang'onopang'ono, osaseka, koma sankaopa kanthu. Amayi anali nazo ziwirizi pamodzi. Nkhawa inkawadzutsa kuti asite, powaopseza kuti anzawo awanena. Kukhumudwa kunkawalanda mphamvu yotulukira. Akalephera kupita, mantha ankakula, thupi n'kulemeranso koposa.

Amalume ankati, "Mlongo wanga sakudwala, ndi ulesi chabe. Ine mtima umandigunda chomene, koma ndimayenda."

Tsiku lina masana kunabwera amayi atatu a mpingo atasenza ufa ndi nkhuni, monga ulili mwambo wozonda wodwala. Anandipeza pakhonde. "Monire, mwana. Amama akudwala chiyani?" Ndikuvomereza ndi chisoni kuti ine, pofuna kuoneka wodziwa zinthu, ndinayankha ndi mawu a amalume atchulidwa pamwambapa, akuti amayi sakudwala, ndi ulesi chabe. Anayang'anana. Wamkulu mwa iwo anangoti, "Yewo," ndiko kuti zikomo, natula katundu pakhonde, osalowa. Kwa iwo wodwala amazondedwa, koma waulesi amadikiridwa kuti abwere yekha. Sanabwerenso.

Zenera la kuchipinda kumene amayi anagona linali lotsekula. Amayi sanandikalipire, ndipo nkhaniyi sanaitchulepo kufikira imfa yawo. Lachinayi lotsatira ndinakoleza makala monga mwa masiku onse. Iwo anati, "Zimitsa, mwanawe. Sunga makalawo."

Pa msinkhu umenewo ndinkaona ngati munthu amene angathe kusita bulauzi angathenso kuyenda mpaka kutchalitchi. Sindinkadziwa kuti kusita kuja ndiyo inali mphamvu yawo yonse ya sabata imeneyo.