Mphasa pa Denga la Galimoto ya Mervis

Mervis Nyakayira anabadwira ku Chilumba, m'banja la msodzi, ndipo anakwatiwa kumtunda kwa Mlare, kwa a Mwakikunga, kumene anthu amalima mpunga ndi chinangwa komanso kuweta ng'ombe. Iye ndiye amayendetsa galimoto yamagetsi yamatayala atatu imene gulu la amayi olima mpunga m'mudzimo linagula. Anamusankha chifukwa anali atazolowera kale njinga yamoto ya mwamuna wake, Allan, yemwe tsopano akumanga nyumba ku Mzuzu.

Kumudziko kulibe magetsi, choncho galimotoyo imatchajidwa kuchigayo cha pa Mlare. Koma magetsi a pa Mlare nawo amabwera ndi kupita mwa kufuna kwawo. N'chifukwa chake gululo linagulanso sola imodzi yaikulu, n'kutuma Mervis kwa Chakufwa, wowotcherera zitsulo, kuti akaone poiika.

Chakufwa anaizungulira galimotoyo akukanda chibwano.

"Mukaiika m'mbali, mayi, dzuwa lamasana liilambalala, ndipo minga ya m'njira yakwanuko iikanda. Kutsogolo, msewu muuona ndi chiyani? Tikhoza kuisiya kunyumba pamtengo wake. Koma moto ukakutherani ku Lupembe, idzakulondolani wapansi?"

"Ikani padenga," anatero Mervis.

"Ndiye kaliyala wa katundu padengapo achoke. Matumba azikhala pansi pamodzi ndi anthu. Pokhota muzichepetsa liwiro, chifukwa kumwamba kukalemera, galimoto yamatayala atatu imapendekeka. China, muziimika padzuwa. Koma batire lili pansi pa mpando wanuli silikonda kutentha."

"Nanga ndichite chiti?"

"Zonse ziwiri," anayankha Chakufwa akuseka, n'kuyatsa makina ake.

Kuyambira pamenepo Mervis anasanduka munthu wachilendo pa Mlare. Anzake a kabaza akamalimbirana mthunzi, iye ankaimika galimoto pambalambanda, n'kupukuta fumbi pa sola ndi kansalu konyowa. Okwera ankadandaula kuti mpando ukuotcha. Ena ankafuna kumangirira matiresi padenga, iye n'kukana, iwo n'kupita kukakwera kwina.

Koma vuto lenileni linali kunyumba. Apongozi ake aamuna, a Mwakikunga, anaikonda galimotoyo ngati ng'ombe yawo. Tsiku lililonse dzuwa likakwera, galimoto ili pabwalo, ankatenga mphasa yawo yatsopano n'kuifunditsa padenga, n'kutsendereza ndi njerwa. Kwa iwo chinthu chamtengo wapatali sichisiyidwa padzuwa la Karonga. Wailesi yawo imafunda nsalu, ng'ombe zawo zimapuma patsinde pa mtengo wa mango. Galasi lakudalo akanalisiya bwanji kuti lipse?

Mervis sakanatha kuwauza. Kwa a Mwakikunga mwambo wa Chinkhonde amausunga mwamphamvu: mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wawo, sayankhula nawo maso ndi maso, sakhala nawo pamodzi, ndipo akakumana nawo panjira amapatuka. Kuchotsa mphasa imene iwo ayala ndi manja awo kukanakhala mwano woposa mawu. Anatuma uthenga kudzera kwa Allan pafoni, koma Allan anaufewetsa mpaka bambo akewo anamva kuti mkamwana akuthokoza chisamaliro. M'mawa mwake mkuluyo anaonjezera njerwa.

Chaka chatha, m'mwezi wa Novembala, magetsi anazima pa Mlare kwa masiku angapo. Nthawi yomweyo Bertha, mlongo wake wa Allan, anali pafupi kuchira. Anamwino anali atachenjeza kuti mwana sanagone bwino, choncho zikayamba asachedwe kufika kuchipatala. M'mudzimo munalibe galimoto ina, ndipo munthu wotere sakwezedwa pa kabaza m'njira yamabampu ija.

M'mawa wa Lachinayi Mervis anayatsa galimoto n'kuyang'ana timizere toonetsa moto. Kanatsala kamodzi. Iye ankadziwa kuti kamodzi kamamufikitsa pamsewu wa phula, osapitirira. Anasiya ulendo wonse wa tsikulo, n'kukankhira galimoto pakati pa bwalo, n'kupukuta sola. Bertha anali atakhala pakhonde atagwira m'chiuno.

"Mulamu, zayamba?"

"Ayi, ndi msana chabe," anatero Bertha, koma sanamuyang'ane.

Dzuwa lisanafike pamutu, Mervis anamva kukhwekhwereza kwa mphasa. Anasuzumira pazenera la khitchini. A Mwakikunga anali atakwera pampando, akuyala bwinobwino, ngodya ndi ngodya. Kenako anatsika n'kukakhala patsinde pa mango, pafupi ndi ng'ombe yawo yofiira.

Mervis anaima m'khitchinimo akuganiza chochita. Apongozi aakazi anali kumaliro ku Lupembe. Foni ya Allan sinkapezeka. Bertha anapuma mozama pakhonde paja, ndipo mpweya umenewo sunali wa msana.

Mervis anamanga chitenje bwino, n'kufunda china kumutu. Anatuluka chozyolika, n'kukagwada pambali pa galimoto atafulatira mtengo wa mango. Ndipo anayankhula ndi galimotoyo, mokweza pang'ono.

"Iwe galimoto, ndikudziwa uli ndi njala. Chakudya chako ndi dzuwa, ndipo pakamwa pako ndi padengapo. Choopa kutentha ndi mimba yako yokha, pansi pa mpandopo. Adada amakukonda, akufunditsa kuti usapse, koma iwe ukafunda sudya. Lero ukapanda kudya, mwana wa adada sumufikitsa kuchipatala."

Mervis anakhala chogwada pomwepo. Ankadikira kumva ndodo ikugunda pansi, mkuluyo akulowa m'nyumba, nkhani n'kudzakambidwa ndi abale Allan akabwera.

A Mwakikunga anakhosomola. Anatembenukira kwa ng'ombe yawo.

"Wamva iwe? Tili ndi chiweto chodyera kumsana pakhomo pano, ndipo palibe amene anandiuza. Mwana wanga wa ku Mzuzu amangodziwa kuthokoza."

Anaimirira, n'kukwera pampando paja, n'kutsitsa njerwa imodziimodzi. Mervis anakhalabe chogwada mpaka mphasa itapindidwa.

Dzuwa la tsiku limenelo linali laukali, ndipo kwa nthawi yoyamba Mervis analiyamika. Ankapita kukayang'ana timizere, kubwerera kwa Bertha, kupitanso. Kamzere kachiwiri kanaoneka masana. Kachitatu kanali kasanabwere pamene Bertha analuma nsalu n'kunena kuti, "Mulamu, tiyeni."

Anamugoneka pamatiresi kumbuyo, mayi wina woyandikana naye nyumba atamugwira mutu. Mervis anayendetsa pang'onopang'ono, pakuti liwiro limadya moto, ndipo pokhota paliponse ankamva denga likukokera kumbali. Pamene anzake amathamangira mbali ya msewu yokhala ndi mitengo, iye ankatsata mbali yadzuwa. Atafika paphula kamzere kamodzi kanazima. Atadutsa mlatho kotsalako kanayamba kuphethira mofiira. Pachitunda chomaliza galimoto inayenda ngati munthu wosenza mtolo, ndipo mayi uja anatsika n'kumakankha akupemphera m'Chitumbuka.

Inazimira pageti la chipatala. Namwino wina, Ireen, wochokera ku Dedza, anathamanga ndi mpando wamatayala. Dzuwa lisanalowe, Bertha anali ndi mwana wamkazi.

Mervis anagona kuchipatalako, ndipo galimoto inatandala padzuwa tsiku lotsatira isanathe kubwerera. Atafika kumudzi anaiimika pakati pa bwalo n'kulowa m'khitchini. Posakhalitsa anamvanso kukhwekhwereza kuja. Anasuzumira.

A Mwakikunga anali atazika timitengo tiwiri kumbali kwa galimoto, ndipo ankamangirira mphasa choimika, kuti mthunzi wake ugwe pansi pa mpando, pamene pali batire. Padenga sanakhudzepo.

"Kumsana idye," ankauza ng'ombe yawo. "Koma mimba yokhayi ndiisunga ine."