Phazi la Nkhuku pa Mitsuko ya Surusi

Surusi anali kapolo woumba mitsuko m'mbali mwa mtsinje wa Betisi. Inali zimitsuko zamimba, zamakutu awiri okhuthala, ndipo yonse inkadzazidwa mafuta a azitona n'kupita ku Roma. Surusiyo anali munthu wosayankhulayankhula, dongo mpaka m'zikope.

Mwana anali naye mmodzi yekha, Fuska. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, bwana anamugulitsa kwa wamalonda wa ku Roma. Akadali pakhomo, mtsikanayo ankakonda kujambula phazi la nkhuku pa dongo laliwisi. Ndiye chichokereni iye, Surusi ankajambula phazi lomwelo kunsi kwa mtsuko uliwonse usanawotchedwe. Ankati tsiku lina mwanayo adzapendeketsa mtsuko m'khitchini mwa mabwana ake, adzaliona, adzadziwa kuti bambo ake akadali moyo. Zaka khumi ndi ziwiri, osaphonya ngakhale umodzi.

Tsiku lina akupakira katundu, Optatusi, woyendetsa ngalawa wa pakamwa posatseka, analiona phazilo n'kuseka.

"Madala, nkhuku zanuzi ulendo wakuti?"

Surusi anamufotokozera.

"Aa! Khitchini yake iti?" anatero Optatusi. "Ndani angalowe m'nyumba ndi chimtsuko chotere? Mafuta amawakhuthulira m'timitsuko padoko pomwepo. Yanuyi mafuta akalowerera imanunkha, ndiye amakaiphwanya kuseri kwa nkhokwe n'kuthirapo laimu. Mapale ake ndi phiri lathunthu, ndikulumbira ine."

Zinamupweteka Surusi, tisaname. Kenako anafunsa: "Amaphwanya ndani?"

"Akapolo, nanga ndani? Amuna ndi akazi omwe."

"Chimene chimatsala chosasweka n'chiyani?"

"Makutuwo. Amenewo ngakhale nyundo imatopa nawo."

Tsono pa khutu la mtsuko ndi pamene pankakhala chidindo cha bwana, ndipo kulembapo china kunali kudziputira chikwapu. M'mawa mwake kapitawo anapeza phazi la nkhuku pa khutu, pambali pa dzina la bwana, pa mitsuko makumi awiri. Anamukwapula Surusi pamaso pa anzake. Mawa lake analipezanso, anamukwapulanso. Sabata itatha kapitawo anatopa yekha, poti woumba wa dzanja ngati limenelo panalibe wina.

"Jambulani, madala," anatero. "Koma kang'onong'ono."

Surusi anaumba zaka zina zisanu ndi chimodzi. Anamwalira m'nyengo yokolola azitona, ku Roma kusanabwere mawu alionse.