Chigongono Changa

Linali Lachiwiri, nthawi ya phala. Ndinali ndi zaka makumi awiri, mwana wanga Dalitso ali ndi miyezi isanu. Ndinkamusiya kwa amayi ku Kabwata, ine n'kupita kusukulu ya ana olumala pafupi ndi msika. Sindine mphunzitsi. Ndinalekera giredi sikisi. Ntchito yanga inali mwana mmodzi, Tisa, wa zaka zisanu ndi zinayi, amene miyendo ndi manja ake sizinkagwira. Ndinkamudyetsa, kumugwiritsa pensulo, kumupukuta malovu.

Tsikulo anti wina, wosamala ana ngati ine, sanabwere. Anandipatsanso mwana amene iye ankamusamala, Luyando, wosaona.

Makada, anyamata a zipani ziwiri zandale, anayamba kumenyana pa siteshoni ya mabasi. Mwala unaswa windo. Magalasi anagwera m'mbale ya Tisa. Kenako utsi wa apolisi unalowa m'kalasi.

Ba Tembo, aphunzitsi athu, anakuwa kuti, "Aliyense na mwana wake, tiyeni ku chalichi!"

Njinga ya olumala ya Tisa sikanadutsa pa kageti kakumbuyo. Ndinamubereka ndi chitenje cha Dalitso. Chinali chonyowa ndi mkaka.

Nditayamba ntchito anandiphunzitsa kuti mwana wosaona sakokedwa. Iwe sumugwira. Iye ndiye amagwira chigongono chako, n'kumatsatira. Ndinachita zomwezo. Luyando anagwira chigongono changa chakumanzere. Zala zake zinali zozizira.

Panjira panali tomato woponderezeka ndi masilipasi opanda eni. Tisa ankatsetsereka, ndiye manja anga onse awiri anali kumbuyo, akumuchirikiza. Luyando ankawerenga mapazi chapansipansi, monga ankachitira popita kuchimbudzi. Ndinamva makumi anayi ndi asanu ndi awiri.

Pamsewu waukulu anthu anatulukira mbali zonse. Anatikankha. Nditawoloka, chigongono changa chinali chopepuka.

Ndinaitana dzina lake katatu. Maso anga sankatseguka ndi utsi. Tisa anayamba kubanika pamsana. Ndinapitirira.

Kutchalitchi asisitere anatitsuka kumaso ndi madzi a m'ndowa. Ba Tembo anawerenga ana, n'kuwerenganso. Sanandifunse. Anavula nsapato n'kubwerera kumsewu.

Luyando anamupeza m'ngalande, atamenyetsa mutu pa simenti. Anakhala m'chipatala masiku awiri.

Tisa ali moyo. Tsopano amalemba yekha dzina lake, pensulo ataimangirira kudzanja. Ndidakali naye.

Pamaliro amayi a Luyando anandiitanira kuseri kwa nyumba. Ndinagwada. Anangofunsa kuti, "Anti, mwana wanga anakuitanani?"

Ndinati sindinamve. Mpaka lero sindidziwa ngati ndinanena zoona.