Nkhuku Pabalaza pa a Zakeyu

Mwina munamva za pa Luchenza zoti a Zakeyu mutu unasokonekera, ati pabalaza anasiyira nkhuku, iwo n'kumadyera pakhonde. Bodza limenelo. Ine khomo langa layang'anana ndi lawo, ndinaona ndi maso angawa.

A Zakeyu anayamba kudulira tiyi pa esiteti ine ndisanamere ndevu. Khirisimasi iliyonse ankamata makoma ndi nyuzipepala zotola ku ofesi, guluu wake phala la ufa wa chinangwa. Zakale osachotsa ayi, kungosanjikiza. Zaka makumi awiri! Khoma linanenepa, chipinda n'kuchepa, ndipo m'katimo mphemvu zinamanga mudzi ndi tchalitchi chomwe.

Ndiye mwana wawo Rhoda anapeza banja. Tsiku lomwe anabwera kudzakamba za mwambo, mphemvu imodzi inaterereka pakhoma n'kugwera m'kapu mwake.

"Ababa, chinkhoswe changa pano ayi. Tikachitira kwa amalume."

Kwa amalume! Alamu awo omwe aja amanena kuti a Zakeyu sangamange ndi khola lomwe. A Zakeyu anati, "Iwe, undipatse mpaka Lachisanu."

Anayamba kupala ndi mpeni wodulira tiyi, koma pepala linkachoka ndi dothi la khoma. Akazi awo, a Margret, ndiwo anati, "Inu bambo a Rhoda, phala limamvera madzi otentha." Anawaza ndi tsache, kudikira pang'ono, mapepala n'kumasupuka ngati khungu la mbatata yophika. Vuto lake bambowa ankaima n'kumawerenga za mpira wakalekale, mpaka mayi anawalanda magalasi.

Tsono mphemvu zija! Zinatuluka ngati othyola tiyi nthawi yoweruka. A Margret anakwera patebulo chitenje chili m'manja. A Zakeyu anangotsegula chitseko, kulowetsa nkhuku zawo zonse, n'kudzabwereka zanga zitatu. Masiku awiri zili pa ganyu, ndipo zanga zinabwerako zikuyenda ngati akapitawo.

Lachinayi anapaka laimu. Lachisanu Rhoda anafika, kugogoda khoma ndi chala, kusuzumira kuseri kwa kabati, kununkhiza. Kenaka anati, "Ababa, tichitira konkuno, amalume muwauze abwere ndi mipando yawo."

Nditawauza a Zakeyu zomwe anthu akukamba, sanaseke n'komwe.

"Ukawauze kuti mphemvu zanga zinadyedwa ndi nkhuku. Zakwawoko zikugwerabe m'ndiwo, akudya okha."