Ankanditcha Lasiti

Lole ya fodya wouma yandidutsa lero, ndipo fungo lake landibwezera ku Santhe, zaka zija za makuponi a fetereza. Ndinali mu Sitandade 6. Anzanga ankanditcha Lasiti chifukwa pa mayeso ndinkakhala womaliza, ndipo bambo anali atachenjeza kale: "Ukakhalanso kumchira, sukulu yatha, uzidzasoka fodya m'chigafa."

Achemwali anga a ku sekondale anandipeza ndikulira m'munda. "Iwe, dzinalo lili ndi tanthauzo lina," anatero. "Pa Chingerezi, chinthu chosatha msanga amachinenanso ndi mawu omwewo."

Tsiku lina mkulu woyendera sukulu analemba "last" pa bolodi, n'kutifunsa tanthauzo lake.

"Womaliza!" anakuwa anzanga, ena akundiloza.

"Tanthauzo lina?" anafunsa mkuluyo.

Ndinaimirira. "Kukhalitsa, bwana. Ngati khasu la amayi anga, lalima zaka zambiri koma likadalipo."

Anandiyang'ana, n'kunditambasulira choko. "Bwera udzalembe, anzako akopere."

Ndinalemba pang'onopang'ono, zilembo zikuluzikulu, ndipo kumbuyo kwanga ndinamva makope onse akutsegulidwa.